Mfuti ndi zipolopolo zowombera tinyama towononga muli patali

Musanagule mfuti yowombera tinyama towononga mbewu kapena ziweto, yambani mwafunsa za mizere yopota ya mkati mwa mpope wake, chifukwa mizereyi ndiyo imazunguza chipolopolo kuti chisagubuduke m'malere. Pa mfuti ya mtundu wa .223 Remington, mpope wa 1:12, umene umazunguza chipolopolo kamodzi pa mainchesi 12, umagwirizana ndi zipolopolo zopepuka za magreni 40 mpaka 55 (greni ndi muyeso wa kulemera kwa chipolopolo), koma mukaikamo cha magreni 77 mudzaona chikuboola pepala loyeserapo kuwombera chammbali, bowo lake lotalika ngati la kiyi. Zolemera chotere zimafuna mpope wa 1:8.

Ambiri amakopeka ndi liwiro, ndipo n'zoona kuti mfuti ya mtundu wa .22-250 Remington imaponya chipolopolo cha magreni 55 pa liwiro loposa mamita 1,000 pa sekondi. Komabe mukapitirira mamita 300, chimene chimasokoneza kwambiri ndi mphepo, ndipo chipolopolo chachitali ndi cholemera sichipatuka msanga. Ine ndimakonda mpope wonenepa, ngakhale umalemetsa phewa poyenda, popeza suchedwa kuonetsa ubwino wake mukawombera kambirimbiri motsatizana: umatentha pang'onopang'ono, choncho zipolopolo zimagwerabe malo amodzi.