Futsani ndiwo tsopano, koma mfutso usade

Mwezi wa Malichi ukafika, m'minda ya kuno ku Zomba ndiwo zimachita kutayika. Nkhwani wayanga mpaka m'njira, chitambe ndi khwanya zili mbwee, chisoso ndi bonongwe tikungozizulira kumodzi ndi udzu. Koma pofika Okutobala makomo omwewa amadyera nsima tiusipa towerengeka, kupatula okhawo amene ali ndi dimba m'mbali mwa Likangala, Domasi kapena Thondwe. Ndipo nyanja ya Chilwa si yoidalira chaka chilichonse. Amene anaona itaphwa mu 1995, ndiponso itatsala pang'ono kutheratu mu 2018, akudziwa mmene matemba amakwerera mtengo.

Kufutsa ndiwo anthu akuno amakudziwa kuyambira kale, ndiye sindikubwera ndi chachilendo. Chondidetsa nkhawa n'chakuti mfutso wambiri umene ndimauona m'makomo ndi wakuda bii. Mfutso wabwino umaoneka wobiriwirabe ngakhale uli wouma. Ukada, dziwani kuti zambiri zofunika m'thupi zinathera mumphika ndi padzuwa, mwasunga mapesi okhaokha.

Yambani ndi kathyoledwe. Thyolani m'mawa mame atangokamuka, ndipo sankhani masamba anthete, osati okalamba kapena obooledwa ndi mbozi. Pa phata limodzi la khobwe kapena nyemba tengani ochepa, chifukwa mukalikudzula lonse mudzakolola zochepa. Ngati m'mundamo munapopera mankhwala, dikirani masiku amene analembedwa pa botolo. Kuwiritsa sikuchotsa mankhwala onse. Mukafika pakhomo, sadzulani nkhwani, tsukani ndiwo zonse ndi madzi a pamjigo musanazidule, kenako n'kudula. Mukatsuka zodula kale, zofunika zina zimapita ndi madziwo. Ntchitoyi ithe tsiku lomwelo. Ndiwo zogonera m'dengu zimatenthana n'kuyamba chikasu.

Pamoto ndi pamene ambiri timaphonya. Timatereka ndiwo ndi madzi ozizira, n'kupita kukatunga madzi kapena kukacheza kwa aneba, pobwera zapsa ngati zodyera pomwepo. Kufutsa si kuphika. Cholinga chake ndi kungoletsa tsamba kuti lisapitirize kufota ndi kuda, komanso kupha tizilombo tokhala pamwamba pake. Choncho yambani mwawiritsa madzi mpaka abwate, thiranimo kamchere pang'ono, kenako ikani ndiwo zochepa zoti madzi asasiye kubwata. Zofewa monga bonongwe, chisoso ndi nkhwani, mphindi 2 kapena 3 zakwana. Chitambe ndi khwanya zikhoza kufika mphindi 5. Wopanda wotchi ayang'ane mtundu: tsamba likangofooka n'kubiriwira kwambiri kuposa mmene linalili, vuulani. Madzi omwewo mutha kufutsira ndiwo zingapo, potero nkhuni sizitha zambiri. Soda kapena chidulo zisayandikire mphika umenewu.

Chigwada ndi nkhani ina. Masamba a chinangwa, makamaka chowawa, ali ndi poizoni amene amachoka posinja ndi kuwiritsa mokwanira mphika uli wosavundikira. Chimenechi musachifupikitse nthawi, ndipo podzaphika chidzapsenso bwinobwino. Therere lobala, lija timalidula timawilo, silifuna kuwiritsa, limangoyanikidwa.

Tsopano poyanika. Pansi ayi. Pabwalo pamadutsa nkhuku, agalu ndi mbuzi, mphepo imabweretsa mchenga, ndipo mfutso wa mchenga palibe amene amaudya mokondwa. Pa malata a denga ayinso, ndiwo zimapserera. Mangani thandala lofika m'chiuno, yalanipo mphasa yoyera kapena thumba lochapa bwino, ndipo mwazani ndiwo mopyapyala zisaunjikane. Malo abwino ndi a mthunzi wopita mphepo, monga pakhonde kapena pansi pa kashedi ka udzu. Ndikudziwa kuti ena mudzati pamthunzi zimachedwa. Zoona, zimatha masiku atatu kapena anayi pamene padzuwa zikadatha awiri. Koma dzuwa lowomba mwachindunji ndi limene limawononga chija thupi limapangira Vitamini A, amene amathandiza maso ndi chitetezo cha m'thupi. Kukakhala chinyezi chambiri, monga zimakhalira m'munsi mwa phiri ku Malosa ndi ku Domasi, yanikani padzuwa koma mutaphimba ndi kansalu kopepuka koyera, chifukwa ndiwo zochita nkhungu n'zoipa kuposa zowauka. Kumadera otentha monga ku Chingale mthunzi umakwana. Neti ya udzudzu musayanikirepo kapena kuphimbira chakudya: ili ndi mankhwala, ndipo ntchito yake ili kuchipinda.

Muzitembenuza kawiri kapena katatu pa tsiku, madzulo n'kulowetsa m'nyumba kuopa mame. Ndi bwinonso kuyang'ana kumwamba musanathyole. Tsiku lamitambo si tsiku lofutsa.

Kuti mudziwe ngati zauma, tapani dzanja limodzi n'kufinya. Zikalira tswatswa n'kuphwanyika, zatheka. Zikapindika osathyoka, zibwezereni pathandala ngakhale mwatopa nazo.

Posunga, chikwatu cha agogo sichinathe ntchito. Masamba a msuku, omangidwa zolimba ndi luzi n'kupachika kudenga la khitchini kumene kumafika utsi pang'ono, amasunga mfutso miyezi yambiri. Amene alibe masukuwo agwiritse ndowa kapena chigubu chouma chotsekeka bwino, n'kuika pamalo amdima osakhudza pansi. Jumbo ya pulasitiki ndi yabwino pokhapokha ndiwo zitaumitsitsa, apo ayi imachita thukuta mkati. Mangani zikwatu zing'onozing'ono zingapo m'malo mwa chimodzi chachikulu, kuti chimene mwatsegula chithe msanga, ndipo mtundu uliwonse ukhale pawokha.

Ntchito yonseyi ikhoza kuwonongekanso tsiku lophika. Viikani mfutso m'madzi ochepa ofunda kwa mphindi 20 kapena 30, ndipo muphikire madzi omwewo, osawataya. Mfutso woviikidwa umafewa wokha, sufuna soda. Soda ndi chidulo zimafewetsa msanga, inde, koma zimapha mavitamini ena, makamaka a gulu la B ndi C. Pa therere sindilimbana nanu kwambiri, ingochepetsani. Koma nkhwani ndi chitambe zilibe chifukwa chothirira soda. Chofunika ndi kutendera. Vitamini A salowa bwino m'thupi popanda mafuta, choncho nsinjiro kapena kasupuni ka mafuta ophikira si zokometsera chabe. Mtedza wosinja nsinjiro muziusankha: wofota, wachuku ndi wowawa tayani, osapatsa ana kuti akazinge. Vitamini C wambiri ndiye sapulumuka pofutsa ngakhale musamale bwanji, ndiye thirani tomato, ndipo mukatha kudya pakhale chipatso cha nyengo yake, kaya ndi papaya, bwemba, malambe, masuku kapena mango oyambirira. Zimenezi zimathandizanso thupi kutenga ayironi wa m'masamba, amene amawonjezera magazi.

Mawu apadera kwa amayi oyamwitsa ndi amuna awo. Kafukufuku wa dziko lonse wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka zisanu m'Malawi anali opinimbira. Phala la ufa woyera ndi shuga limadzaza mimba koma silikuza mwana. Patulani mfutso wina wouma bwino, sinjani mumtondo woyera, sefani, sungani m'kabotolo kotseka. Mwana akakwana miyezi isanu ndi umodzi n'kuyamba kudya, thirani kasupuni kamodzi ka ufa umenewu m'phala la mgaiwa pamodzi ndi nsinjiro, phala lipse nazo kwa mphindi zingapo. Mukapeza matemba kapena usipa, kazingani pang'ono, sinjani ndi mitu yomwe, muzithiramonso. M'mbale imodzi yomweyo mwana wapeza magulu anayi mwa magulu asanu ndi limodzi a zakudya aja timaphunzitsa ku sikelo. Abambo, thandala lija ndi mitengo inayi ndi nsungwi zochepa, musadikire kuti amayi achite kukupemphani kawiri.

Mu Juni ndi Julaye chiperoni chikayamba kuwaza, mpweya umanyowa ndipo mfutso umayamwa chinyezi. Kukangocha bwino, masulani chikwatu chimodzi muone. Ngati ndiwo zafewa koma fungo lili bwino, ziyanikeninso tsiku limodzi n'kumanganso. Zimene zachita nkhungu yoyera kapena zikununkha chivundi, kazitayeni kudzenje la manyowa.