Mmene ndinapulumutsira zithunzi za pa memory card

Kamera yanga itayamba kunena kuti ndifomate khadi, kutanthauza kuiyeretsa kuti ikhale ngati mulibe kanthu, mtima unandigunda kwambiri, poti munali zithunzi za ukwati wa mchemwali wanga. Sindinafomate. Ndinaitulutsa nthawi yomweyo n'kusiya kujambula.

Apa m'pamene pagona nkhani. Khadi ikasokonezeka kapena fayilo ikafufutika, kawirikawiri chimene chawonongeka ndi kalozera wa pomwe fayiloyo ili. Zithunzi zenizenizo zimakhala zikadalimo mpaka china chitalembedwa pamwamba pake.

Ndinayamba ndi pulogalamu ina ya pa intaneti yodzitcha yaulere. Inandionetsa zithunzi zonse, kenako n'kufuna ndalama kuti indipatse. Zinandiwawa, chifukwa kumeneko n'kudyera masuku pamutu munthu amene ali kale m'mavuto.

Kenako ndinayesa PhotoRec, yaulere zenizeni ngakhale maonekedwe ake ndi osakopa. Iyoyo siyang'ana kalozera uja, imasanthula khadi yonse n'kumazindikira chiyambi cha fayilo iliyonse. Ndinaiuza isunge zomwe yapeza pa kompyuta, osati pa khadi yomweyo. Mayina a mafayilo anatayika, zithunzi zingapo zinatuluka zoduka, koma zambiri zinabwera.

Ikanakhala hard disk, chosungira mafayilo cha mu kompyuta, yomwe yayamba kulira, sindikanaiyatsanso, ndikanapita nayo kwa akatswiri.