Momwe mungaphunzirire za kuchotsa sulufule mu dizilo powerenga zikalata za boma

Pa mapampu a mafuta muno mu Harare pamalembedwa Diesel 50, kusonyeza kuti sulufule sapitirira magawo 50 pa miliyoni (50 ppm). Kodi sulufule wopitirira pamenepo amachotsedwa bwanji, ndipo amapita kuti? Ngati ndinu mwana wasukulu ku University of Zimbabwe, kapena makaniko wa ku Mbare amene watopa ndi mafyuluta a utsi otsekeka, simufunika buku lodula. Maboma analemba kale nkhaniyi, ndipo ili pa intaneti mwaulere.

Yambani ndi za kwathu kuno. Onani malamulo a mafuta pa webusaiti ya ZERA, bungwe la boma loyang'anira za mafuta ndi magetsi, ndi miyezo ya Standards Association of Zimbabwe. Musachedwepo, chifukwa zimangokuuzani malire a sulufule. Fakitale yoyenga mafuta ya Feruka pafupi ndi Mutare inatsekedwa mu 1966, ndiye dizilo amene amabwera ndi paipi kuchokera ku Beira mpaka ku Msasa muno mu Harare amafika atayengedwa kale.

Mnofu wa nkhani uli ku America. Mu 2000 bungwe la boma loteteza chilengedwe la EPA linalamula kuti sulufule wa mu dizilo wa pamsewu atsike kuchoka pa 500 kufika pa 15 ppm kuyambira 2006, ndipo linayenera kutsimikizira anthu kuti zimenezi n'zotheka. Fufuzani Regulatory Impact Analysis (lipoti lounika zotsatira) ya lamulolo, mudumphe za mainjini, mupite pa mutu wa mafuta. Pamenepo mupeza njira ya hydrotreating: dizilo amatenthetsedwa kupitirira madigiri 300 a Celsius, amasakanizidwa ndi haidirojeni pa mphamvu yaikulu, n'kudutsa pa timibulu ta cobalt kapena nickel ndi molybdenum. Sulufule amatuluka ngati mpweya wonunkha mazira owola uja. Samalani ndime zonena za sulufule wokakamira, monga wa mu 4,6-dimethyldibenzothiophene. Ameneyu ndiye amachititsa kuti kuchotsa magawo omaliza a sulufule kudye ndalama zambiri kuposa kuchotsa oyamba.

Kenako werengani ndemanga zimene makampani oyenga mafuta anapereka, ndi mayankho a boma. Ambiri amazidumpha, koma ine ndimaona kuti phindu lili pamenepa, popeza mwini lamulo sanganyoze lamulo lake.

Mitengo ya m'zikalatazo musaikopere mu lipoti lanu. Ndi yakale, komanso ndi ya mafakitale a ku America. Pomaliza yerekezerani ndi lamulo la European Union, lomwe linaika malire a 10 ppm kuyambira 2009.