Kutumiza njinga pa basi kuchoka ku Lilongwe kupita ku Mzuzu

Achimwene, mwafunsa mmene munganyamulire njinga yakapalasa mpaka ku Mzuzu kuti mukatsikire nayo ku Nkhata Bay. Chitani chonchi.

Yambani mwapeza katoni yaikulu yoikamo njingayo, funsani m'mashopu ogulitsa njinga ku Area 2. Kenako masulani mapedulo ndi sipanala ya 15. Apa samalani: pedulo ya kumanzere imamasuka mukaizungulira chakumanja, mosiyana ndi mabauti ambiri, ndiye mukaikakamiza mwachizolowezi muononga mazinga.

Chotsani wilo lakutsogolo, tsitsani chishalo, mahandulo muwatembenuze agone motsata fulemu. Pakati pa foloko, pomwe mwachotsa wilo lija, lowetsanipo kamtengo, chifukwa akangosanjikapo matumba a chimanga imapindika basi. Tcheni ndi magiya kulungani ndi nsanza, manati onse m'jumbo mumangirire pafulemu.

Kudepoti lawirirani m'mawa, musankhe basi yaikulu yokhala ndi malo a katundu pansi, minibasi ayi. Mtengo wa katundu mugwirizane ndi kondakitala musanakweze, akulembereni tikiti yake, ndipo muone ndi maso anu pomwe aiika. Lisiti yogulira njinga ikhale m'thumba, apolisi a pa Jenda akhoza kuifunsa. Pampu ndi sipanala musaziike m'katoni, zikhale m'chikwama chanu.