Kusankha khadi la netiweki lodzutsira seva ya mafilimu ya pakhomo

Seva, kompyuta yosungiramo mafilimu ndi nyimbo, siyenera kuyaka usiku wonse n'kumamaliza mayunitsi a malaiti. Izime, muziiyatsa ndi foni mukafuna kuonera. Njira yake ndi Wake-on-LAN, kuyatsa kompyuta poitumizira uthenga pa netiweki.

Khadi la netiweki lomwe musankhe lizitha kulandira magic packet. Dzinali ndalisiya m'Cingelezi cifukwa ndilo mudzapeza pa bokosi, koma mulibe matsenga: ndi kauthenga ka mabaiti 102, koyamba ndi FF kasanu n'kamodzi, kenako nambala ya MAC (nambala yozindikiritsa khadi pa netiweki) ya khadi lanu yobwerezedwa ka 16. Kompyuta ikazima, khadi limatsala maso. Likangomva nambala yake, limaiyatsa.

Musanagule ciliconse, yesani doko la waya lomwe lili kale kumbuyo kwa kompyuta. Ambiri a Intel ndi Realtek amaitha nchitoyi. Likakanika, gulani khadi lolowa pa PCIe, polowetsa makhadi m'kati mwa kompyuta. Intel I210 ndi yodalirika. Tumaadaputa twa USB ndi totsika mtengo, inde, koma twambiri timaferatu kompyuta ikazima. Wi-Fi nayo kawirikawiri imadzutsa kompyuta yogona cabe, osati yozimiratu. Conco lumikizani ndi waya.

Lowani mu BIOS, posinthira makonzedwe a kompyuta ikamayamba kuyaka, yatsani Wake on LAN kapena Power On By PCI-E. Mukaona ErP, izimeni, cifukwa imadula kamoto kocepa komwe khadi limadalira. Pa Windows cotsani Fast Startup, ndipo mu Device Manager lolani khadi kudzutsa kompyuta. Pa Linux lembani lamulo la ethtool ndi dzina la khadi mu terminal. Pamzere wa Wake-on pazioneka cilembo g, kutanthauza kuti khadi limva magic packet. Cenjerani, nthawi zambiri cilemboci cimabwerera pa d (kuzima) mukayatsanso makina, conco cikhazikitseni kuti cisamasinthe.

Tsopano zimani kompyuta, muwerame muyang'ane polowera waya. Kanyale kakamaphethira, khadi lili maso. Kakathima, nthawi zambiri khadi silili maso, bwererani ku BIOS.

Zotsatirazi malangizo a opanga kawirikawiri sanena, koma kuno kwathu n'zofunika kwambiri. Malaiti akapita n'kubwera, makompyuta ena sadzukanso ndi magic packet mpaka munthu atadina batani ndi cala. Ine zinandigwera ndili paulendo: foni ikuti uthenga wapita, seva ili zii. Mankhwala ake ali mu BIOS momwemo: pa Restore on AC Power Loss ikani Power On, kuti malaiti akabwera iziyaka yokha.

Cina, kauthengaka kamayenda m'netiweki ya m'nyumba cabe. Kuti muyatse muli kunchito, pafunika kacipangizo kosazima, monga kakompyuta kakang'ono ka Raspberry Pi kapena rauta yokhala ndi VPN (njira yotetezeka yolowera m'netiweki ya m'nyumba muli kutali), kotumiza uthengawo kucokera m'kati. Ngati intaneti yanu ndi ya rauta ya SIM, kutsegula doko 9 pa rauta kuti uthenga wocokera kunja ulowe nthawi zambiri sikuthandiza, popeza adiresi ya IP mumagawana ndi anthu ena ambiri. Kacipangizoko ndi rauta zikhale pa batire kapena pa sola.