Malangizo kwa Eni Mapuloti: Fufuzani Nthaka ndi Madzi a Pansi Musanamange Kapena Kuboola Borehole

Musanakumbe maziko a nyumba kapena kuitana makina oboola borehole, yambani mwadziwa mwala umene uli pansi pa puloti yanu. Mapu a miyala amapezeka ku Geological Survey Department mu Lusaka. Funsaninso anansi amene anaboola kale: anapeza madzi pa mamita angati, anadutsa mwala wotani, nanga madziwo amauma mwezi uti?

Mbali yaikulu ya kumwela ndi kumadzulo kwa Lusaka, monga Kanyama, John Laing, Chawama ndi Misisi, yakhala pa mwala wa dolomite ndi wa laimu, uja woyela umene azimayi amaphwanya n'kugulitsa m'mbali mwa msewu. Mwala uwu umasungunuka pang'onopang'ono ndi madzi a mvula, motelo pansi pake pali ming'alu ndi mapanga. Madzi amapezeka ambili ndiponso pafupi, koma dothi losefa zonyansa ndi locepa kwambili. Zocokela m'cimbudzi zimalowa m'mng'alu n'kuyenda mtunda wautali osasefedwa. Ici n'cimodzi mwa zimene zinafalitsa kolela ya 2017 mpaka 2018 m'makomboni amene anthu anali kumwa madzi a zitsime zosazama. Madzi a pa mwala wotele angaoneke oyela mbee, koma musawakhulupilile ndi maso. Ngati muona dothi lotitimila, dzenje lozungulila limene palibe analikumba, kapena madzi a mvula akulowelela pamalo amodzi, musaikepo maziko injiniya asanaonepo.

Ku Chipata ndi madela ambili a cigawo ca Kum'mawa nkhani ndi ina. Kumeneko pansi pali mwala wolimba wa granite ndi gneiss, ndipo madzi amangokhala mu mwala wofumbutuka wa pamwamba ndi m'ming'alu. Mnzanu angapeze madzi, inu n'kuboola pouma mamita ocepa cabe kucokela pamenepo. Lembani nchito katswili wa madzi a pansi kuti apime ndi makina otumiza magetsi m'nthaka, ndipo akupatseni lipoti yolembedwa yosonyeza pobowola ndi kuzama kwake. Kuyenda ndi waya kapena kamtengo m'manja pofufuza madzi sikukuuzani kuti mwala wolimba uyambila pati.

Pa nkhani ya maziko, kumbani maenje awili kapena atatu m'makona a puloti, ozama mita imodzi ndi theka, ndipo muwaone mu Febuluwale kapena Malici pamene madzi a pansi akwela kwambili. Dzenje likadzala lokha kucokela pansi, cimbudzi cokumba ndi soakaway (dzenje lomwetsa madzi onyansa m'nthaka) sizidzagwila bwino nchito pamalopo. Dothi lakuda la m'dambo, la makande, limafufuma likanyowa n'kung'ambika likauma, ndipo makoma amang'ambika nalo limodzi. Amene agula puloti mu Okutobala, udzu utapsa, nthawi zambili sazindikila kuti agula dambo.

Lamulo nalo lili ndi mbali yake. Bungwe la WARMA, loyang'anila madzi m'dziko la Zambia, linakhazikitsidwa ndi lamulo la madzi la nambala 21 la caka ca 2011, ndipo kuyambila mu 2018 aliyense wofuna kuboola ayenela kudziwitsa bungweli nchito isanayambe, kugwilitsa nchito kampani yokhala ndi laisensi, ndi kulembetsa borehole yake. Borehole ikhale mamita osacepela 30 kucokela pa cimbudzi kapena soakaway, yanu ngakhalenso ya kuseli kwa mpanda. Pa mwala wa dolomite mtunda uwu ndi poyambila cabe. Ngati malo alola, italikitseni, ndipo borehole ikhale kumtunda kwa cimbudzi.

Tsiku loboola mukhalepo. Onetsetsani kuti oboola asunga zitsanzo za miyala yotuluka, aika mapaipi a casing mpaka pa mwala wolimba, ndiponso atseka pamwamba ndi simenti kuti madzi a pabwalo asatsikile m'citsime. Musagule pampu asanapope madzi kwa maola angapo kuti aone kuculuka kwake. Musanayambe kumwa, tengani madzi mu botolo loyela la ku labu, muwafikitse tsiku lomwelo kuti akapime tizilombo ndi nitrate (mcele umene umaculuka m'madzi zocokela m'cimbudzi zikalowamo), ndipo mubweleze kupima kumeneku caka ciliconse mvula ikayamba.