Boma likagula katundu popanda tenda: momwe mungafufuzire ngati latsata lamulo

Mlongo wanga amasoka mayunifolomu ku Ndirande. Chaka china anamva kuti ofesi ina ya boma ikufuna zovala za alonda ake. Anakongola nsalu ku Limbe, makina n'kuwathira mafuta, tsiku lililonse n'kumagula nyuzipepala kuti aone chilengezo. Tsiku lina ali mu minibasi anangoona alonda aja atavala kale zatsopano. Anabwera kunyumba mtima uli bii, akuti aba.

Mwina anabadi, mwina ayi. Lamulo limalola maofesi a boma kugula popanda mpikisano nthawi zina, koma khomo lake ndi lopapatiza ndipo aliyense wodutsapo amasiya mapepala. Mapepala amenewo ndi omwe muyenera kuwalondola.

Choyamba, dziwani njira yomwe agwiritsa ntchito

Bungwe loyang'anira kagulidwe ka katundu wa boma ndi PPDA, lomwe linabwera ndi lamulo la 2017 kulowa m'malo mwa ofesi ya ODPP. Njira yoikika ndi tenda yotsegukira aliyense. Koma katundu akakhala wa ndalama zochepa, ofesi imaloledwa kungoitanitsa makoteshoni, osachepera atatu, ndipo simungaone chilichonse m'nyuzipepala. Pena amaitana makampani ochepa okha omwe ntchitoyo amaitha. Konseku mpikisano ulipo ndithu. Njira yopanda mpikisano ndi ija a m'maofesi amati single source: kupita kwa wogulitsa mmodzi basi.

Chachiwiri, funsani chifukwa chake

Apa ndiye pagona nkhani. Zifukwa zomveka zilipo zochepa.

China n'chakuti wogulitsa alipo mmodzi yekha. Tiyerekeze kuti pampu ya ku Walker's Ferry, komwe madzi ambiri a mzinda uno wa Blantyre amachokera mu Shire, yafa, ndipo chitsulo chake amapanga ndi kampani yomwe inapanga pampuyo. Kuitana tenda pamenepo n'kungotaya nthawi anthu a ku Bangwe akugona pamjigo. Chofanana nacho ndi pamene akuwonjezera pa katundu yemwe anagula kale, ndipo watsopanoyo ayenera kugwirizana ndi wakaleyo.

China ndi ngozi yadzidzidzi. Tonse tikukumbukira Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagumula phiri la Soche matope n'kukwirira nyumba ku Chilobwe. Mabulangete, mankhwala ndi ufa sizikanadikira masabata a chilengezo. Komabe ngozi imaloleza kugula zokhazo zofunika kuti anthu apulumuke, osati mipando ya mu ofesi ya bwana. Ndipo changu chodzipangira si ngozi. Ofesi yomwe idadziwa kuyambira Epulo kuti idzafuna mayunifolomu, n'kukhala chete mpaka chaka cha boma chitatsala pang'ono kutha, isakuuzeni kuti zinali zadzidzidzi. Mawu oti "changu" ndimawaopa ine, chifukwa kafukufuku wa K6.2 biliyoni ya Covid-19, yemwe anatuluka mu 2021, anaonetsa kuchuluka kwa ndalama zomwe zimalowa m'madzi anthu akamagula mothamanga opanda wowafunsa.

Chenjeraninso ndi kuduladula. Katundu wa ndalama zambiri amamugawa m'timagawo ting'onoting'ono kuti kalikonse kalowe pa makoteshoni. Lamulo limaletsa zimenezi. Mukaona kampani imodzi ikubweretsa katundu yemweyo sabata iliyonse pang'onopang'ono, lembani masiku ake.

Chachitatu, pemphani mapepala

Ofesi iliyonse ya boma ili ndi komiti yake yogula ndi kugulitsa katundu, ya IPDC. Mkulu mmodzi sangangodzuka n'kusankha wogulitsa. Choncho pemphani zomwe komitiyo inalemba pamsonkhano wake, chifukwa chomwe inalembera PPDA, ndi yankho la PPDA, kalata ija amati No Objection. Lamulo la 2017 linanenanso kuti kugula kwa wogulitsa mmodzi kuziunikidwa ndi bungwe lothana ndi katangale la ACB, ndiye ngati katunduyo anagulidwa lamulolo lisanasinthidwe mu 2025, funsaninso ngati kalata yawo ilipo. Yang'anitsitsani madeti. Kalata yovomereza yolembedwa katundu atafika kale ikukuuzani zambiri.

Musapemphe pakamwa. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga linayamba kugwira ntchito pa 30 Sepitembala 2020, ndipo likuti ofesi ikhale ndi munthu wopereka uthenga, ayankhe m'masiku 15 ogwira ntchito. Lembani kalata yaifupi, mutchule katunduyo ndi mwezi womwe anagulidwa. Pangani makope awiri, imodzi akudindireni chidindo mubwerere nayo. Kaya ndi ku Civic Centre ku Chichiri, kaya ku chipatala cha Gulupu, ndondomeko ndi yomweyo.

Akakukanizani kapena mapepala akasowa

Nkhani yokanizidwa uthenga ipititseni ku bungwe loona za ufulu wa anthu la Malawi Human Rights Commission, lomwe limayang'anira lamulolo. Ngati mapepala aonetsa kuti njira inalumphidwa, lemberani PPDA ku Lilongwe. Ngati mukununkhiza ziphuphu, ACB ili ndi ofesi mu Blantyre momwe muno. Tengani kope yanu yodindidwa ija, masiku omwe munalemba, ndi dzina la kampani monga lalembedwera pa galimoto yobweretsa katunduyo.